Kosi Yanu ndi Nyumba ya Koleji

Amayi, kumene muliko kodi mukukhala bwanji?

Ine ndili bwino. Chifuwa chija chimandigwira nthawi yozizira chaka chino chinangondinunkhiza n'kupita, moti sindinajombe kusukulu. Ndili Giredi 11 tsopano. Masamu akundizunzabe, koma phunziro la zomera ndikukhoza, ndipo aphunzitsi akamandibwezera pepala amati n'zakumtundu, ngati kuti ine sindiwerenga. Atate ali bwino m'thupi, kungoti khosi lawo lachepa. Shati yoyera ija munawagulira kuti azivala pamisonkhano, kolala yake tsopano imazungulira yokha. Aphunzira kuphika nyemba, koma mchere amathira kawiri chifukwa amaiwala kuti athira kale, ndipo ine ndimangodya.

Kumudzi ku Madzimoyo kuli mwana watsopano. Amayi aang'ono a Esinati anabereka mwezi wa Epulo, mwana wamkazi, wonenepa, wolira mokweza ngati wina wamulanda kanthu. Anthu akuti ali ndi mphumi yanu. Ine ndinamuyang'anitsitsa, ndinangoona mphumi ya khanda, koma ndinavomera kuti ndisawakhumudwitse. Chimanga anakolola chokwanira ngakhale mvula inadula mu Febuluwale. Nsawa ndiye zinabereka kwambiri, koma amalume anazikumba mothamanga n'kuzithira m'matumba zisanaume, chifukwa ogula anali atayamba kale kuzungulira m'midzi ndi masikelo awo. Zambiri zinachita chuku. Mukanakhalapo mukanawauza mawu anu aja, akuti nsawa siiwala madzi amene unaitsekera nawo m'thumba. Ine ndinawaganiza mawuwo koma sindinawatulutse, poti amalume sakonda kuphunzitsidwa ndi mwana wa mlongo wawo. Pamanda panu tinalambula. Chiliza Atate akuti chaka chamawa.

Nkhani yaikulu ndi ya kosi yanu, ndipo ndi imene yandichititsa kulemba. Ndiyamba ndi zimene mukuzidziwa kale, kuti muone ngati ndinazimvetsa, chifukwa muli moyo mukamazifotokoza ine ndinkangotafuna chakudya. Munalemba kosi ya digiri yachiwiri, ya masitazi, yoti alangizi a zaulimi aziphunzira kasungidwe ka mbewu zikachoka m'munda, ku koleji ya mpingo wathu ija tsopano timaitcha yunivesite. Munkati kosi yatsopano imayenda ngati thiraki pa boda ya Mwami: imaima patebulo lililonse, ndipo aliyense wokhala patebulo amafuna kusuzumira pansi pa tenti. Inayamba ku dipatimenti yanu, inapita ku bungwe la sukulu ya zaulimi, kenako ku komiti ya maphunziro apamwamba, komwe anakubwezerani kuti muchepetse maphunziro a chaka choyamba, inu n'kubwera kunyumba mutakwiya n'kukolopa nyumba yokolopa kale. Matebulo onsewo munadutsa. Panatsala seneti, msonkhano wa akuluakulu onse umene umakhala kamodzi pa teremu. Seneti ikavomera, ndiye pepala limapita ku Lusaka kwa oyang'anira mayunivesite.

Mukukumbukira mmene munkayeserera? Munkaimirira kumapeto kwa tebulo lodyera mutagwira mapepala, Atate akhale mkulu wa yunivesite, ine ndikhale munthu uja amakana chilichonse. Ndinkakwinya nkhope n'kufunsa kuti, a Dokotala, kodi munthu amafunika digiri kuti ayanike nsawa? Inu munkayankha kuti agogo ankayanika bwino popanda digiri, koma agogo sankagulitsa kwa anthu oyeza chuku ndi makina, ndipo mvula ya masiku awo inkadziwa nthawi yosiya. Atate ankagogoda tebulo ndi supuni n'kunena kuti msonkhano watha, tidye. Seneti yathuyo munaidutsa kambirimbiri. Yeniyeniyo isanakhale, munadwala.

Maliro atatha, seneti yoyamba ndinaionera pawindo la kukhitchini. Paja chipinda chawo chimaoneka bwino ukaima pa sinki. Ndinaona akulowa, Atate kumbuyo kwenikweni atanyamula mafayilo, poti iwo ndiwo mlembi wa msonkhano. Potuluka, njira yawo imadutsa kutsogolo kwa nyumba yathu, ndipo ndinaona chinthu chimene sindinachimvetse tsiku limenelo. Onse anadutsa akuyang'ana mbali ina, kubwalo la mpira kumene kunalibe munthu. Atate atafika ndinawafunsa za kosi yanu. Anati aikankhira kutsogolo, chifukwa sikukanakhala ulemu kukambirana ntchito ya munthu amene angomuika kumene. Ndinaona kuti n'zabwino. Ndinanyadira kuti anthu ophunzira chotero akukulirani.

Teremu yotsatira anaikankhiranso. Ulendo uno chifukwa chake chinali mabuku, akuti komiti ikaonenso ngati m'laibulale muli okwanira. Atate ananena zimenezi akuvula nsapato, osandiyang'ana, kenako anapita kukathirira masamba amene ndinali nditathirira kale.

A Pulofesa Tembo, mkulu wa yunivesite, ankabwera kudzationa tikaweruka kutchalitchi, nthawi zina ndi mayi akunyumba kwawo, atanyamula shuga kapena nkhuku. Ndi munthu wabwino, Amayi, ndipo sindikufuna kuti muganize zina mukamawerenga zotsatirazi. Pamaliro anu analira osabisa. Akabwera ankakhala pampando wa pafupi ndi chitseko, n'kumayang'ana siling'i ndi makoma ngati munthu amene watumidwa kudzayeza nyumba koma waiwala tepi. Tsiku lina Atate anayamba kunena kuti mwina ife tikhoza kufuna kanyumba m'tauni. A Pulofesa anakweza manja onse awiri.

"Ayi, a Mbewe, ayi. Nyumba ino ndi yanu. Dothi la pamanda silinakhazikike n'komwe, inu mukukamba zosamuka? Tisakambe zimenezi pamaso pa mwana."

Atate anathokoza, a Pulofesa anapemphera, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinasangalala mumtima. Tsiku limene abale ankabalalika pamaliro, amalume ananena kuti nditha kukakhala kumudzi, popeza nyumba ya koleji inali ya ntchito yanu. Ine ndinalira pamaso pa anthu onse kuti sindichoka m'nyumba ya Amayi. Atate anangoti, "Mwamumva mwana. Sachoka." Kuyambira pamenepo ndinkaona kuti nyumbayo ndi chinthu chokhacho chimene ndinalimbira n'kupambana.

Ndikuuzeni mmene ndinkakhalira. Ndikaweruka ndinkapalasa njinga kuchokera m'tauni, kukwera kamtunda kaja, n'kupeza nyumba ili zii. Ana a aphunzitsi ena ali ku sukulu zogonera komweko, ndipo otsalawo ndi aang'ono, amandipatsa moni ngati ndine bambo. Ndinkalowa m'chipinda chanu chowerengera, n'kutseka chitseko, n'kumalemba homuweki patebulo lanu, pakati pa mabotolo a nsawa aja munkawalemba mayina a midzi. Sindinkawasuntha. Ndinkangopukuta fumbi mozungulira. Pakudya ine ndi Atate tinkayatsa wailesi, kuti pakhale wina wolankhula. Kusukulu ndilibe mnzanga weniweni. Munkanena kuti ndimaonerera anthu ngati mphaka wa pazenera, ndipo sizinasinthe.

Loweruka lina m'mawa, Atate atapita kumsika wa Kapata, ndinamva njinga yamoto ikutsokomola pageti. Anali a Jere, mlangizi wa ku Tamanda uja ankabwera kudzakufunsani za chuku, amene munawalonjeza kuti adzakhala oyamba kulembedwa kosi ikatsegulidwa. Anandipeza ndikuchapa yunifolomu.

"Iwe Limbikani, watalika ngati nsungwi. Nanga mnofu unauiwala m'kalasi?"

Ndinawapatsa mpando pakhonde ndi madzi akumwa. Anafunsa za Atate, za sukulu, ndiponso ngati ndapeza kale chibwenzi. Nditakana anati ndi bwino, chifukwa ndi miyendo iyi mtsikana angaganize kuti wafunsiridwa ndi mphanda ya nkhokwe. Kenako kuseka kunawathera. Anati abwera kudzamva za kosi. Kuntchito kwawo anawalola kupita kusukulu, koma chilolezocho chili ndi malire, ndipo pa msinkhu wawo sadzapatsidwanso china. Anzawo amene ankadikira nawo limodzi ena atopa, ena alembetsa makosi ku Lusaka osakhudza n'komwe za mbewu. Akazi awo kunyumba ayamba kuwaitana kuti a Masitazi akamawauza kuti madzi osamba afunda. Anaseka okha ponena zimenezi. Kenako anandifunsa ngati ndikudziwa lamulo la seneti, loti chinthu chikakankhidwira kutsogolo katatu chimachoka pa ajenda, ndipo chimayenera kukayambiranso pansi, ku dipatimenti. Ku dipatimenti kulibe wina wodziwa phunziro lanu woti angainyamule kosiyo n'kuiyendetsanso matebulo onse aja.

Ndinati koma vuto ndi mabuku basi, akawapeza idutsa. A Jere anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mabuku? Mwana wanga, anthu a mpingo wathu sapha chinthu. Chimangowafera m'manja iwo ali chigwadire."

Ndinawafunsa chimene chikuletsa. Anamenya nsanamira ya khonde ndi chikhatho, pang'onopang'ono, ngati akusisita ng'ombe. Anati malamulo amafuna kuti kosi ya masitazi ikhale ndi dokotala wa phunzirolo, wokhala pamalopo, ndipo dzina lake lilembedwe pamwamba pa pepala. Pa pepala pali dzina lanu. Dokotala wina anapezeka kalekale, mayi Njobvu, amene akuphunzitsa ku Kabwe. Anavomera kubwera, koma ali ndi ana ndipo sangabwere popanda nyumba. Koleji ilibe nyumba ina ya dokotala koma yathuyo. Ndiye kuti kosi idutse, wina ayenera kuimirira mu seneti n'kunena kuti dzina la malemu lichotsedwe ndipo nyumba iperekedwe kwa wina, mwamuna wa malemuyo atakhala pomwepo ndi cholembera, kudikira kulemba mawuwo. Anandifunsa kuti ndani angatsegule pakamwa. Pochoka anandipempha kuti ndisauze Atate kuti ndamva kwa iwo, ndipo njinga yawo inakana kulira mpaka ndinawakankha kufika pageti.

Sindinawauze Atate kuti ndamva kwa ndani, koma ndinawafunsa tsiku lomwelo masana. Tinali pakhonde tikuswa nsawa zimene amayi aang'ono anatitumizira, zachuku tikuponya m'chitini. Atate anaponya nsawa ina m'chitinimo. Kenako anati zonse n'zoona. Anati mlembi wa seneti ali ndi dzanja koma alibe pakamwa. Salankhula, savota, amangolemba zimene ena anena. Kawiri konse analemba ndi dzanja lawo kuti kosi yanu yakankhidwira kutsogolo, n'kukatayipa bwinobwino, n'kukapereka kwa a Pulofesa kuti asaine. Anati anayesa kangapo kupereka nyumba, muofesi komanso pakhomo, koma munthu wofedwa akapereka chinthu wolandirayo ayenera kukana, ndipo akakana iwe uyenera kuthokoza. Ndi mmene onse analeredwera pa mishoni.

Ndinafunsa chifukwa chimene sanangosamukira osapempha.

"Unanena kuti suchoka. Ine ndinavomera pamaso pa anthu."

"Nthawi imeneyo ndinkalira, Atate."

"N'chifukwa chake ndinamva."

Anapitiriza kuswa nsawa. Ndinafunsa ngati sizingatheke kuti dzina lanu likhalebe, la mayi Njobvu liikidwe pansi pake. Anati ku Lusaka amafuna munthu woti akamuimbira foni ayankhe. Sananene mwankhanza. Ananena ngati mmene amawerengera zolemba za msonkhano. Anawonjezera kuti sandikakamiza. Ngati ndikufuna tikhale, tikhala, iwo alemba kachitatu.

Ndinakwiya, Amayi, ndipo kwa masiku angapo sindinadziwe kuti ndakwiyira ndani. Ndinakwiyira a Jere chifukwa chobwera. Ndinakwiyira a Pulofesa ndi nkhuku zawo. Ndinakwiyiranso inu pang'ono, chifukwa kosi imeneyi inatidyera masiku ambiri opuma muli moyo, ndipo tsopano inkafuna kudyanso nyumba. Ndinkadziuza kuti kosi yopanda dzina lanu si yanu, ndiye ife itikhudza bwanji. Ndinkadziuzanso kuti mukanakhala inu simukanalola mwana wanu kukagona m'komboni chifukwa cha pepala. Koma apa ndinkadziwa kuti ndikudzinamiza, chifukwa ndimakudziwani. Tikamadutsa minda ya makampani a mbewu ija imakhala ndi zikwangwani m'mbali mwa msewu, munkati munda sudziwika ndi chikwangwani, tidzaona pokolola.

Chimene chinandisintha ndi chaching'ono, mwina museka. Tsiku lina nditaweruka ndinalowa m'chipinda chanu monga mwa masiku onse, n'kutseka chitseko. Kale ndikatero ndinkamva fungo lanu, la mafuta aja munkadzola, la mapepala ndi la nsawa zouma. Tsiku limenelo ndinaima n'kununkhiza. Ndinamva masokosi anga, thukuta la panjinga, ndi makoko a malalanje amene ndinaiwala m'dirowa. Chipinda chanu chinali kununkha ine. Ndinatsegula kabati, ndinanunkhiza makatani, ngakhale khushoni ya pampando. Munali mutachokamo kale, sindikudziwa liti, ine ndili kalikiliki kulondera chitseko. Ndinakhala pansi mpaka dzuwa linapendeka. Atate atabwera ndinawauza kuti afune nyumba m'tauni seneti isanakhale.

Sanandiyamikire, sanandifunsenso kawiri. Anangoti chabwino, n'kupita kukasintha zovala. Koma pakudya tsiku limenelo anazimitsa wailesi, n'kundifunsa za masamu. Ndinawafotokozera zimene zikundivuta, iwo akumvetsera ngati nkhani yokoma, ngakhale ndikudziwa kuti sanamve kalikonse.

Anapeza zipinda ziwiri ku komboni ya Mchini, kuseri kwa kagolosale. Sanauze aliyense ku koleji, chifukwa akananena akanaletsedwa. Tinasamuka Loweruka m'mawa, sabata ya seneti isanayambe. A Jere anabwera ndi Kanta, galimoto yonyamula katundu ya kopaletivu ya kwawo, yonunkha feteleza, ndipo ponyamula katundu sanaseke n'kamodzi komwe, zimene zinandiopsa kuposa china chilichonse. Tili mkati mokweza bedi, ndinaona a Pulofesa akubwera mofulumira kuchokera kunyumba kwawo, atavala patapata, thaulo lili pakhosi.

"A Mbewe, mukutichititsa manyazi. Ndani wakuthamangitsani? Nditchulireni dzina."

Atate anavula chipewa. "Palibe, a Pulofesa. Ndi mwanayu. Giredi 12 yayandikira, ndipo njinga ikumudyera nthawi yowerenga. Wapempha kuti akhale pafupi ndi sukulu."

A Pulofesa anatembenukira kwa ine n'kundifunsa ngati n'zoona. Onse anali kundiyang'ana, ngakhale a Jere ali pamwamba pa Kanta atagwira mwendo wa bedi. Ndinati inde, kamtunda kaja kamanditopetsa. Ndipo kamanditopetsadi, si bodza lonse. Ndinaona nkhope yawo ikumasuka ngati munthu amene watula thumba, ndipo nthawi yomweyo maso awo anadzaza misozi, zonse ziwiri pamodzi. Anati ngati ndi za maphunziro a mwana iwo sangaime panjira, chifukwa malemu sakanalola. Kenako anakoleka thaulo pachitseko n'kugwira mbali ina ya tebulo lanu, ndipo ine ndi mkulu wa yunivesite tinalinyamula mpaka pagalimoto, iwo akuyenda chambuyo ndi patapata wawo, akundiuza kuti ndisamale miyendo ya tebulo pa sitepe.

Mabotolo anu a nsawa ndinawasiya pashelefu mmene munawasiyira. Atate anati ndi a kosi, si athu. Mabuku anuanu tinatenga, ali m'makatoni pansi pa bedi chifukwa kulibe powaika. Makiyi Atate anakapereka kuofesi Lolemba, ndipo akuti mayi wa paofesi anawalandira ndi manja awiri osafunsa kanthu.

Tsiku la seneti ndinali m'kalasi. Sindinamve chilichonse chimene aphunzitsi ananena. Ndinkaganiza kuti mwina apezanso chifukwa china, mwina anena kuti nyumba ikufunika penti, kapena kuti n'kusowa ulemu kuithamangira ikadali yofunda. Ndikanatani ine, nditataya nyumba n'kutayanso kosi? Nditaweruka ndinakhala pa sitepe ya golosale kuyang'ana kumsewu. Atate anabwera pa njinga ya hayala atakumbatira chikwama pachifuwa, ndipo nkhope yawo sinandiuze kanthu. Analowa, anakhala pabedi poti mipando yonse sinakwane m'nyumba, n'kuvula nsapato imodzi.

"Yadutsa."

Anati sizinatenge nthawi. A Pulofesa anayamba ndi kudziwitsa msonkhano kuti banja la a Mbewe lasamukira m'tauni chifukwa cha sukulu ya mwana, ndipo onse anagwedeza mitu ngati akumva koyamba. Anapempha kuti aimirire chete kukumbukira inu. Atakhala pansi, mkulu wa komiti ya maphunziro apamwamba anati mabuku awaona, ndi okwanira. Wina anapempha kuti pamalo pa dzina lanu palembedwe la Dokotala Njobvu, wina anavomereza, ndipo palibe anatsutsa. Ndinawafunsa Atate kuti iwo anatani pamenepo. Anati analemba. Anavula nsapato inayo, n'kutuluka kupita pampope wa panja umene timagawana ndi nyumba zina. Anasamba m'manja nthawi yaitali kwambiri, mpaka mayi wina wa ndowa anayamba kutsokomola kumbuyo kwawo.

Pepala lapita ku Lusaka tsopano. Akuti adzatumiza anthu kudzaona laibulale ndi chipinda choyezera mbewu, ndipo mwina adzafuna kuti zina zisinthidwe, koma Atate akuti zimenezo ndi za panjira, chovuta chinali kutuluka pakhomo. A Jere anaimba foni. Akuti agula kale makope, ndipo akazi awo asiya kuwaseka, tsopano akudandaula kuti dimba azithirira ndani.

Kuno ku Mchini phokoso limayamba m'mamawa: mawailesi, ana, ogulitsa makala, njinga zolira mabelu. Anthu ndi ambiri kuposa ku koleji, koma palibe amene amakudziwani. Ku koleji kuja ndinali mwana wa a Dokotala. Kuno ndine mnyamata wamtali wa kuseri kwa golosale. Tsiku lina mwini golosale anandifunsa kuti amayi ako ali kumudzi kodi, ndinati inde, poti ku Madzimoyo n'kumudzidi. Atate tsopano ndiwo amayenda mtunda wautali kupita kuntchito, ndipo amabwera atatopa, fumbi lili m'nsidze. Ine ndimafika kusukulu ndisanatuluke thukuta, moti masana amatalika kwambiri. Tebulo lanu ladzaza theka la chipinda changa, ndimakwera pabedi chammbali, ndipo ndi pamene ndikulembera kalata ino.

Mayi Njobvu anafika sabata yatha. Lamlungu masana ndinapalasa njinga mpaka ku koleji, ndikudziuza kuti ndikungolimbitsa miyendo. Ndinaima patali. Aika makatani obiriwira. Pachingwe panali mayunifolomu ang'onoang'ono, ndipo pakhonde panali nsapato za ana zitamwazikana. Mayiwo ndi aafupi, a mawu aakulu. Anali pakhonde akulankhula pafoni, ndipo anaseka kwambiri, akumenya ntchafu. Atandiona anakweza dzanja, osadziwa kuti ndine ndani. Ine ndinatembenuza njinga osayankha.

Amayi, pamenepa ndi pamene ndikufuna mundimve. Potsika kamtunda ndinawapsera mtima mayiwo. Ndinadana nawo chifukwa choseka m'nyumba mwanu. Kwa kanthawi ndinafuna kuti a ku Lusaka akane, kuti mayiwo amange katundu wawo abwerere kumene achokera. Nditafika pansi ndinaima pambali pa msewu mpaka mtima unazizira. Mayiwo sanandilakwire. Asiya kwawo, asamutsa ana awo sukulu pakati pa chaka, kuti adzasenze katundu amene inu munamutula panjira. Ndipo palibe amene anandichotsa m'nyumba muja, ndinatuluka ndekha.

Ndiye lonjezo langa ndi ili. Lamlungu likubwerali ndisita shati, ndipita kumeneko, ndikaima pageti n'kuodira ngati mlendo aliyense. Ndikawapatsa moni mwaulemu n'kuwauza kuti ndine mwana wa ndani. Akandilowetsa, ndikakhala pamene andilozere, ndipo maso anga sakayendayenda m'makoma. Sindidzadana nawo, ngakhale asinthe zina mu kosi yanu, ngakhale ophunzira azidzaitcha kosi ya a Njobvu. Mwina mawu akandithera pakhosi pageti pomwepo, koma ndikaodira ndithu.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani.

Ine mwana wanu,
Limbikani